Siteshoni ya Komati itazimitsidwa: zimene ndinaona ndili wowotcherera malole a malasha ku Mpumalanga

Pa 31 October 2022 jenereta lomaliza la pa siteshoni ya magetsi a malasha ya Komati, m'chigawo cha Mpumalanga ku South Africa, linazimitsidwa. Ine sindinalembedwepo ntchito pa siteshoniyo, ngakhale pageti pake sindinadutsepo. Ndinkagwira ntchito pa galaja ina m'mbali mwa msewu wochokera ku Middelburg kupita ku Bethal, kuwotcherera matirela a malole onyamula malasha. Koma Khirisimasi ya chaka chimenecho isanafike, nanenso ntchito inandithera, ndipo m'kaundula aliyense amene anawerenga anthu okhudzidwa ndi kutsekedwaku dzina langa munalibe.

Ndikulembera makamaka inu abale athu amene muli ku Hendrina, ku Ermelo kufupi ndi siteshoni ya Camden, ndi ku Grootvlei. Masiteshoni atatu amenewa anayenera kutsekedwa kale, koma anawawonjezera moyo mpaka 2030. Chaka chimenecho si patali. Kaya mumasoka zovala, kaya mumatchetcha kapinga pa nyumba ya injiniya, kaya mumaphika pa loji yogona makontirakitala, ndalama imene mumatumiza kumudzi ikuchokera mu chumuni chimene mumachiona m'mawa uliwonse chija. Tsiku limene chidzasiye kufuka, mudzamva m'thumba musanamve pa wailesi.

Kwathu ndi ku Phalombe. Agogo anga aamuna anapita ku Joni pa Wenela, nthawi imene Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Anabwerera kumudzi Kamuzu atayimitsa ulendowu chifukwa cha ndege ija inagwa ku Francistown, ku Botswana, mu April 1974, n'kupha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi obwerera kwawo. Anabwera ndi njinga, wailesi, bulangeti lolemera, ndi chifuwa chimene chinawatsata mpaka kumanda. Lero kuli Tshiamiso Trust imene ikupereka chipepeso kwa amene anadwala silicosis (matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la miyala) ndi TB m'migodi ina ya golide, ndipo Amalawi nawonso ali ndi ufulu wofunsa, koma mapepala a agogo anadyedwa ndi chiswe kalekale. Nkhani ya mapepalayi muisunge, chifukwa ndi imene inandipulumutsa ine.

Amene sanafikeko ku chigawo chimenechi sangamvetse kuti malasha ali paliponse. Gawo lalikulu la malasha a dziko lonse la South Africa limakumbidwa ku Mpumalanga, ndipo masiteshoni ambiri a Eskom, kampani ya boma ya magetsi, ali komweko. Mzinda wa Witbank anausintha dzina kukhala eMalahleni chifukwa cha malasha omwewa. Ukachapa malaya oyera m'mawa n'kuwayanika, pofika madzulo aderako. Nyengo yozizira, June ndi July, utsi umakhala pansi osakwera, ndipo usiku m'zipinda za malata za kuseri kwa nyumba umangomva ana akutsokomola, chipinda ichi, chipinda icho. Gogo amene ndinkachita lendi kwawo ankasunga timapampu tiwiri ta asima pawindo, kamodzi kawo, kena ka mdzukulu wawo. Mu March 2022 khoti lalikulu la ku Pretoria linagamula, pa mlandu umene anasuma mabungwe oteteza chilengedwe a groundWork ndi Vukani Environmental Justice Movement in Action, kuti mpweya wa dera limeneli ukuphwanya ufulu wa anthu wokhala pamalo osawononga thanzi lawo. Palibe amene anadabwa. Tonse tinkaudziwa mpweyawo ndi mapapo athu.

Ntchito yanga inali ya matirela otsanulira m'mbali aja. Malasha ndi olemera ndipo misewu ya kumeneko inakumbika ndi malole omwewo, ndiye zitsulo zimang'aluka m'makona ndi pomwe pagwira mahinji. Umayamba wapala mng'aluwo ndi girayinda, kuutsegula bwinobwino, kenako kuwotcherera mizere iwiri kapena itatu, dalaivala ataima pambali akuyang'ana wotchi chifukwa amalipidwa pa ulendo. Fumbi la malasha lotsalira m'tirela limayaka timoto ting'onoting'ono ukamawotcherera. Madzulo ukamina, chotuluka ndi chakuda. Tinalipo anthu ochepa: bambo wina wachikulire wa Chizulu amene anali makanika wamkulu, tonse tinkamutcha Baba, mnyamata wa Chindebele wa matayala, mnzanga wa ku Mangochi, mnyamata wa ku Mozambique, ndi ine. Awiri a konkowo ankalandira pa banki, ndi payslip. Atatufe tinkalandira Lachisanu mu envulopu, popanda kalikonse kolembedwa. Pasipoti ndinali nayo, koma pemiti yogwirira ntchito ndinalibe, ndipo bwana ankadziwa zimenezi kuyambira tsiku loyamba. N'chifukwa chake anatilemba.

Komati sinafe tsiku limodzi. Inamangidwa m'zaka za m'ma 1960, ili ndi majenereta asanu ndi anayi, inagonekedwapo kwa zaka zambiri n'kudzutsidwanso magetsi atayamba kuperewera, kenako anayamba kuzimitsa limodzilimodzi. Jenereta lililonse likazima, malole ankachepa, makontirakitala ankanyamuka. Amayi ogulitsa papa ndi miyendo ya nkhuku m'mbali mwa msewu anayamba kubwerera ndi mapoto osatha. Zipinda za Gogo, zimene kale munthu ankachita kudikira kuti wina asamuke, zinayamba kukhala ndi maloko. A Eskom ananena kuti antchito awo okhazikika sachotsedwa, ambiri anawasamutsira ku masiteshoni ena, ndipo zimenezo zinali zoona. Koma pa munthu mmodzi wa yunifolomu pamadalira anthu angati? Wochapa, wometa, wa minibasi, wa lendi, wa galaja. Pakati pa amenewa obwera tinalipo ambiri, chifukwa ntchito za m'mphepetezi ndi zimene zimatigwera.

Malasha enieniwo sanathe ayi. Chaka chimenecho mtengo wake unakwera kwambiri kunja, ndipo malole anangotembenuka n'kumalowera ku madoko a Richards Bay ndi Maputo. Bwana wathu anawatsatira. Anatiuza Lachisanu lina kuti galaja ikutsekedwa, akukatsegula ina kutali, ndipo atenga makina okha. Awiri a payslip anawalonjeza kuti awaganizira. Atatufe anatipatsa envulopu ya sabata imeneyo basi. Mnzanga wa ku Mangochi atafunsa za zaka zimene tagwira, bwana anaseka n'kunena kuti tikadandaule kupolisi ngati tikufuna kukagona ku Lindela. Lindela ndi malo aja a ku Krugersdorp kumene amasungirako anthu odikira kubwezedwa kwawo, ndipo Mmalawi aliyense ku Joni dzina limeneli limamuumitsa pakamwa.

Ine ndinali nditavomera kale mumtima. Amene sanavomere ndi Baba. Madzulo a tsiku lomwelo anabwera kwa Gogo, anakhala pa kireti, n'kutifunsa mmodzimmodzi kuti tinayamba liti ntchito. Anagwirapo ntchito mu mgodi ali mnyamata ndipo anali membala wa NUM, bungwe la ogwira ntchito m'migodi, ndiye malamulo a ntchito ankawadziwa ngati nyimbo ya kutchalitchi. Anati: "Ana anga, lamulo la za pemiti ndi lina, lamulo la thukuta ndi lina. Wagwiritsa munthu ntchito, amulipire." Ine ndinkaganiza kuti akungotilimbitsa mtima. Anatitengera ku ofesi ina yothandiza anthu pa malamulo mwaulere, ndipo mayi amene tinamupeza ananena zomwezo, n'kutchula mlandu wa Discovery Health ndi CCMA (bungwe loweruza mikangano ya antchito ndi mabwana) wa mu 2008, pamene khoti la za ntchito linagamula kuti munthu wobwera, ngakhale pemiti yake ilibe mphamvu, ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo ndipo angathe kukadandaula ku CCMA.

Apa ndifotokoze mosamala, chifukwa ndi pamene anthu amasokonezeka. Chigamulo chimenechi sichikupatsani pemiti. Kugwira ntchito popanda chilolezo ndi mlandu ndithu, kwa inu komanso kwa bwana amene wakulembani, ndipo chiopsezo chomangidwa chimakhalapo. Kawirikawiri simungayembekezere kuti akubwezereni pa ntchito. Chimene mungathe kupeza ndi ndalama zimene munagwirira. Ndiye musanapite kulikonse, yambani mwafunsa malangizo ku mabungwe monga Lawyers for Human Rights kapena Casual Workers Advice Office, kapena ofesi ya malangizo ya m'dera lanu, akuuzeni za nkhani yanuyanu. Koma musazengereze: dandaulo la kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo liyenera kufika ku CCMA pasanathe masiku 30 kuchokera tsiku limene mwachotsedwa. Fomu yake ndi 7.11, ndipo salipiritsa. Ntchito zina, monga za magalaja ndi za malole, zili ndi bargaining council yakeyake, bungwe loona mikangano ya ntchito za mtundu umenewo, ndiye akhoza kukulozerani kumeneko. Musaone ngati akukuthamangitsani.

Zimene lamulo limanena ndi izi. Ntchito ikatha chifukwa kampani ikutseka kapena ikuchepetsa anthu, bwana amayenera kukambirana nanu kaye, osati kungokudzidzimutsani Lachisanu. Amayenera kukupatsani notisi kapena ndalama yake: sabata imodzi ngati mwagwira miyezi isanu ndi umodzi kapena kucheperapo, masabata awiri ngati simunakwanitse chaka, masabata anayi ngati mwapitirira chaka. Pali severance pay, ndalama yolipira kutha kwa ntchito, yosachepera malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chathunthu chimene mwagwira. Masiku a tchuthi amene simunapite amayenera kulipidwa. Ndipo pali kalata yotsimikizira kuti munagwira ntchito pamenepo, imene ambiri timaiwala kufunsa koma imathandiza pofuna ntchito ina. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka nthawi imeneyo anali R23.19 pa ola, ndipo titawerengera maola athu a Loweruka tinapeza kuti miyezi yambiri tinkalandira zosafika pamenepo.

Vuto linali umboni. Bwana akanatha kungonena kuti satidziwa, ndipo ndi zimene anayamba kunena. Chimene chinatiimirira ndi tinthu ting'onoting'ono. Ine ndili ndi chizolowezi cholemba m'kabuku nambala ya lole iliyonse imene ndawotcherera ndi tsiku lake, chifukwa madalaivala ena ankabwerera n'kumanena kuti ntchito yanga yang'aluka pomwe inali ya wina. Kabuku kameneko, kakuda ndi girisi, masamba ena atapsa m'mphepete, kanali ndi zaka zonse. Mnzanga anali ndi mauthenga a pa WhatsApp a bwana omuitana usiku lole ikafera panjira. Tinali ndi zithunzi titavala maovolosi a dzina la galajayo, ndi malisiti a Mukuru osonyeza kuti Loweruka lililonse ndalama inkapita kumudzi. Koma umboni waukulu unali anthu. Baba ndi mnyamata wa matayala uja analemba mayina awo pa dandaulo limodzi ndi ife. Bwana anawayimbira foni kuwauza kuti awapatsa zawo zonse mawa lomwe akachotsa mayina awo. Mnyamata uja anali ndi mwana wakhanda ndipo ndinkaona kuti zikumuvuta. Sanachotse. Mpaka lero ndikamuganizira ndimasowa chonena.

Tsiku la zokambirana, komishinala woweruza dandaulo lathu sanatifunse za pemiti, anafunsa za ntchito. Bwana ataona kabuku kaja ndi anthu ake awiri atakhala mbali yathu, anapempha kuti tikambirane. Sitinapeze zonse. Tinagwirizana ndalama yocheperapo, yolipira m'magawo, ndipo mgwirizanowo unalembedwa n'kusainidwa. Mukafika pamenepa onetsetsani kuti zalembedwa, ndi masiku ake olipirira, chifukwa pepala limenelo lingathe kusandutsidwa chigamulo choti sheriff akalande katundu bwana akazemba. Wathu anachedwetsa gawo lomaliza, koma atakumbutsidwa za pepalalo analipira.

Musaganize kuti m'deralo munali chikondi chokhachokha. Chaka cha 2022 ndi chimene gulu la Operation Dudula, lothamangitsa obwera, linamveka kwambiri, ndipo mu April chaka chomwecho Elvis Nyathi, wa ku Zimbabwe, anaphedwa ku Diepsloot. Ife amene timakumbukira May 2008, pamene anthu 62 anaphedwa, tinkagona ndi nsapato pafupi. Ntchito zikamachepa, chala chimaloza wobwera. Pa msonkhano wina mu holo ya m'deralo, wokambirana za tsogolo siteshoni itatsekedwa, anyamata ena kumbuyo anayamba kukuwa kuti obwera azipita kwawo, ntchito zatsopano zikabwera zisadzagwe m'manja mwa makwerekwere, dzina lonyoza limene amatitchula obwerafe. Ine ndinali pafupi ndi chitseko, ndikuwerenga masitepe okafika panja. Gogo anaimirira ndi ndodo yawo. Anati iwo zipinda zawo zisanu zili ndi maloko, ndipo amene anachoka si Amalawi, ndi makontirakitala. Amene atsala akuwalipira lendi yogulira mankhwala ndi ana a ku Malawi ndi ku Mozambique omwewo. Anafunsa anyamatawo kuti ndani wa ku Malawi amene anasaina pepala lozimitsa siteshoni. Holo inaseka, mkwiyo unatsika, nkhani inabwerera kwa amene anakhala kutsogolo ndi ma laptop.

Anyamata amenewo sindiwada. M'dziko limene anthu oposa 30 pa 100 aliwonse ofuna ntchito alibe ntchito, mnyamata wobadwira pafupi ndi siteshoni, amene wapuma utsi wake moyo wake wonse osalembedwapo ngakhale ganyu, ali ndi chifukwa chokwiyira. Cholakwika ndi kumene mkwiyowo waloza. Bwana amene amalemba Mmalawi pa envulopu amatero kuti asalipire mnyamata ameneyo malipiro oyenera. Tsiku limene ine ndalandira zofanana ndi nzika, phindu londilembera ine m'malo mwa iye latha. Baba ankazimvetsa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake ankati dandaulo lathu ndi lakenso. Ndipo dziwani kuti amene lamulo limamulola kukufunsani mapepala ndi wapolisi kapena ofisala wa za olowa ndi otuluka, osati gulu la anthu pamsewu kapena pageti la chipatala.

Kenako kunabwera March 2023. Namondwe wa Freddy, amene anakhala masiku 36 ali ndi mphamvu, kuposa namondwe wina aliyense amene analembedwapo, anagwetsa mvula pa chigawo cha kumwera kwa Malawi masiku otsatizana. Ku Chilobwe matope anatsika m'phiri la Soche usiku. Ku Mulanje ndi kwathu ku Phalombe miyala ikuluikulu inagubuduka ndi madzi kuchokera m'phiri. Akufa ndi osowa anapitirira 1,000, ndipo anthu oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Mayi anga anapulumuka, anakagona pa sukulu, koma nyumba imene ndinawamangira ndi ndalama za galaja inagwa, ndipo munda unasanduka mchenga ndi miyala. Masiku amene foni sinkagwira sindidzawaiwala. Atayankha, mawu awo oyamba anali ondifunsa ngati ndadya. Ine wa ku Joni, amene mudzi wonse umadziwa kuti akagwa m'mavuto amathandiza, ndinali ndilibe ntchito, ndikudya ndalama ya CCMA ija.

Kuyambira pamenepo sindingathe kuyimba nawo nyimbo yoti malasha apitirire mpaka kalekale, ngakhale ndi amene ankandidyetsa. Asayansi amanena kuti dziko likamatentha, anamondwe amagwetsa mvula yambiri, ndipo chotenthetsa chachikulu ndi utsi wa malasha, mafuta ndi gasi. Malawi amatulutsa utsi wochepa kwambiri, anthu ambiri kumudzi sanayatsepo n'komwe babu la ESCOM, koma ndi ife amene tikukwirira abale. Chaka chimodzi Freddy asanabwere, namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira mu January 2022 n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, dziko lonse n'kumavutika ndi kuzimazima kwa magetsi kwa miyezi. Ndiye ndikamva munthu akunena kuti nkhani ya kusintha kwa nyengo ndi ya azungu, ndimamuuza apite ku Phalombe akaone miyala ili m'minda.

Koma sindingathenso kuwombera m'manja mmene zinachitikira ku Komati. Mu November 2021, pa msonkhano wa COP26, wokambirana za kusintha kwa nyengo, ku Glasgow, mayiko a Britain, America, France, Germany ndi European Union analonjeza South Africa madola 8.5 biliyoni othandizira kusiya malasha, ndipo zambiri mwa ndalamazi zinali ngongole. World Bank inavomereza madola 497 miliyoni a Komati yokha, oti pamalopo pakhale magetsi a dzuwa a mamegawati 150, a mphepo a mamegawati 70, ndi mabatire. Mawu amene ankamveka pa msonkhano uliwonse anali akuti just transition, kusiya malasha popanda kutaya anthu. Koma siteshoni inazima zatsopanozo zisanayambe kumangidwa. Ngakhale Presidential Climate Commission, bungwe limene wapampando wake ndi pulezidenti wa dzikolo, inalemba mu lipoti lake la mu 2023 kuti anthu a m'deralo anafunsidwa mochedwa ndipo njira zina zopezera ndalama zinayenera kukonzedwa siteshoni isanatsekedwe. Walira mvula walira matope. Amene akufuna chumuni chizime, ndipo ine ndili m'gulu lawo, ayenera kuvomera kuti pali anthu ofunika kuwanyamula, ndipo ntchito yowanyamulayo imayamba zaka zisanafike tsiku lozimitsa.

Ndipo powerenga anthuwo, awerenge onse. Mafomu a maphunziro a ntchito zatsopano amene ndinawaona m'deralo anali ndi mabokosi 13 a nambala ya ID ya nzika. Ine ndi pasipoti yanga ndinalibe polemba. Sindikunena kuti ndidutse mwana wa Gogo pa mzere, iyeyo ayambe. Koma magetsi a dziko limenelo, ngati golide wake, anamangidwa ndi manja a anthu ochokera ku Malawi, Mozambique, Lesotho, Zimbabwe ndi Eswatini kwa zaka zoposa 100. Ndondomeko imene ikuwerenga a payslip okha ikusiya kunja ngakhale nzika zambiri, amayi a mapoto aja ndi Gogo, osati ife tokha. Apa ndi pamene obwera ndi eni dera tili ndi mlandu umodzi.

Chaka cha 2023 magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zina maola ambiri pa tsiku, ndipo aliyense wa ndalama ku Gauteng ankafuna sola padenga. Ndinasamukira kumeneko n'kuyamba kuwotcherera mafelemu a mapanelo ndi zikhola zotetezera mabatire kwa akuba. Ntchito ndi yoyera, madzulo umamina zoyera, ndipo ndimaikonda. Koma ndikuchenjezeni: ntchito ya magetsi a dzuwa siibwera ndi chilungamo chake m'bokosi. Kampani yoyamba imene inanditenga inkalipira pa tsiku, mu envulopu yomwe ija, ndipo inkatikweza pa madenga a nyumba zosanja popanda lamba wotetezera. Mnyamata wina wa ku Zimbabwe, wodziwa zamagetsi kuposa bwana wake, anatsetsereka pa matailosi onyowa ndi mame a m'mawa atanyamula panelo, n'kuthyoka mwendo ndi nthiti. Kapitawo anamusiya pageti la chipatala n'kumuuza kuti akanene kuti wagwa kunyumba.

Nthawi imeneyi ndinali ndikudziwa chochita. Malamulo aakulu a South Africa, gawo 27, amati palibe munthu amene angakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi kuchipatala, ndipo satchula za nzika. Tinamuuza kuti auze dokotala zoona, kuti wavulala pa ntchito, zilembedwe mu fayilo kuyambira tsiku loyamba, chifukwa ukanama tsiku limenelo n'kovuta kudzakonza. Lamulo la COIDA, la chipepeso cha ovulala pa ntchito, limafuna kuti bwana akanene za ngozi ku Compensation Fund, thumba la boma lolipira chipepesocho, pasanathe masiku asanu ndi awiri. Tinajambula denga, makwerero ndi pamene anagwera, tinalemba mayina a amene anaona, ndipo awiri a ku South Africa amene tinali nawo anavomera kuchitira umboni. Nkhani yake inayenda pang'onopang'ono kwambiri, koma bwana analipira malipiro ake a miyezi imene anagona, ndipo sabata yotsatira malamba anagulidwa.

Panopa ndili pa kampani ina imene imalipira pa banki, ndipo mapepala anga ndikuwalondola kudzera kwa loya, osati kwa anyamata ogulitsa masitampa abodza ku Park Station, ku Johannesburg. Pemiti yabodza ikagwidwa imakuonjezerani mlandu wina pamwamba. Nyumba ya mayi tinaimanganso pamalo okwera, ndipo padenga pake ndinaika panelo limodzi, la mababu atatu ndi kutchajira foni.

Kwa inu a ku Hendrina, Ermelo ndi Grootvlei, yambani lero. Gulani kabuku muzilemba tsiku, maola ndi ndalama imene mwalandira, ndipo muzijambula masamba ake n'kutumiza kwa m'bale wodalirika kuti foni ikabedwa zisatayike. Musapereke pasipoti yanu kwa bwana kuti akusungireni. Ngati pa payslip panu akudula UIF, ndalama ya inshuwalansi yothandiza munthu ntchito ikamuthera, funsani ngati akuitumizadi, ndipo ntchito ikatha muitanitse kwa bwana fomu ya UI-19, yofunika pokapempha thandizolo. Chipereganyu chanu ndi bungwe la maliro zisakhale za Amalawi okhaokha. Ife tinalowetsamo Gogo ndi mnyamata wa matayala uja, ndipo tsiku la mavuto ndi iwo amene amadziwa khomo loyenera kugogoda. Ngati kuntchito kwanu kuli bungwe la ogwira ntchito, funsani ngati mungalowe. Amene muli ndi luso la manja, pezani njira yoti liyesedwe mukhale ndi satifiketi, chifukwa ntchito za sola ndi za mphepo zimafunsa pepala kuposa mmene galaja inkafunsira.

Ndipo misonkhano ya m'holo ija muzipita. Ndikudziwa mantha ake, ndinaima pafupi ndi chitseko ine. Pitani ndi eni nyumba anu, khalani nawo pamodzi, ndipo pepala la mayina likamazungulira lembanipo dzina ndi ntchito imene mumagwira. Akafunsa mafunso, wina mwa inu kapena mwa anansi anu afunse zinthu zitatu: siteshoni idzazima liti, ntchito zolowa m'malo zidzayamba liti, ndipo anthu opanda payslip akuwerengedwa pati. Muumirire kuti yankho lake lilembedwe m'maminitsi a msonkhanowo.